Kusamutsa akaunti kupita ku seva ina, zimayenda bwanji makamaka kwa munthu wosaona?

Mwezi wathawu msuweni wanga wa ku Luchenza anandiimbira cha m'ma 9 usiku, mawu ali mmwamba, akuti asuweni, mwini seva watilembera kuti akutseka pakatha miyezi itatu, nde anthu anga onse aja ndikawapeza kuti? Ine poyamba ndinaseka, ndimaona ngati ndi za gulupu ya WhatsApp zoti admin wakwiya basi mutsegula ina. Sizinali choncho. Msuweni wangayu ndi wosaona, maso anasiya ali ku pulayimale, koma foni amaidziwa kundiposa ine wa maso awiri, ndipo anthu amene amawanenawo ndi omutsatira pa Mastodon, malo ochezerana pa intaneti onga Twitter. Loweruka lake ndinakwera minibasi pa Chitakale kukamupeza, tinakhala pakhonde kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, kusamutsa akaunti imodzi yokha. Ndaona kuti ndifotokoze zomwe ndinaphunzira chifukwa mawu oti seva, kusamuka, fediverse akumveka pafupipafupi masiku ano koma ambiri timangogwedeza mutu.

Seva ndi chani

Seva ndi kompyuta yomwe imakhala yoyaka usana ndi usiku kwinakwake, yosunga akaunti yanu, zomwe mwalemba, zithunzi zanu ndi mndandanda wa anthu anu. Facebook nayo ili ndi maseva, ambirimbiri, koma onse mwini wake ndi mmodzi, kampani ya Meta, nde inu simuona kusiyana kulikonse, mumangolowa. Ku Mastodon maseva ndi a anthu osiyanasiyana, ina ndi ya yunivesite, ina ya kagulu ka atolankhani, ina ya munthu mmodzi yemwe amalipira yekha kuchoka mthumba mwake mwezi ndi mwezi. Aliyense ali ndi malamulo ake koma onse amalankhulana.

Taganizani za manambala a foni. Wa 088 ali ku TNM, wa 099 ali ku Airtel, koma amaimbirana bwinobwino ndipo nambala yokhayo imakuuzani komwe munthu ali. Ku Mastodon adiresi imakhala ndi mbali ziwiri, @dzina@seva, mbali yoyamba ndi inuyo, yachiwiri ndi komwe mukukhala. Ndi chimodzimodzi imelo, wa Gmail amalembera wa Yahoo osavuta. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, poti dzina la seva lili mkati mwa adiresi yanu, mukasintha seva adiresi nayo yasintha, ndiye pafunika njira yodziwitsira anthu onse okutsatirani kuti mwasamuka.

Zinachokera kuti

Mastodon anaiyambitsa ndi Eugen Rochko wa ku Germany mu 2016. Chilankhulo chomwe maseva amamvanirana chimatchedwa ActivityPub, bungwe la W3C lomwe limakhazikitsa miyezo ya intaneti linachivomereza mu Januwale 2018. Mapulogalamu ena monga Pixelfed ya zithunzi ndi PeerTube ya mavidiyo amalankhulanso chomwechi, onse pamodzi ndi omwe amatchedwa fediverse. Kwa zaka zingapo zinali za anthu okonda makompyuta basi, mpaka Okutobala 2022 pomwe Elon Musk anagula Twitter pa mtengo wa madola 44 biliyoni, anthu ambiri nkuyamba kusakasaka kwina.

Kwa anthu osaona panali zifukwa zawozawo. Mu Novembala 2022 antchito ambiri a Twitter anachotsedwa, kuphatikizapo gulu lomwe limaona zoti anthu aulumali azitha kuigwiritsa ntchito. Kenako mu Januwale 2023 mapulogalamu apadera olowera pa Twitter monga Twitterrific ndi Tweetbot anatsekeredwa kunja, pomwe osaona ambiri amadalira mapulogalamu a mtundu umenewu chifukwa amamvana bwino ndi zowerengera sikirini, zomwe zimawawerengera mokweza zolembedwa pa foni. Anzake a msuweni wanga a ku maiko ena atapita ku Mastodon iye anangowatsatira. Njira yosamutsira okutsatirani kuchoka seva ina kupita ina inabwera mu 2019 ndi Mastodon 3.0, isanabwere munthu umangolemba kuti ndapita uko nditsateni, ofuna azikusaka okha.

Nanga munthu amasamukiranji? Zifukwa ndi zambiri, seva ikutsekedwa ngati mmene zinamuchitikira msuweni, kapena yadzaza ikuchedwa, kapena simukugwirizana ndi malamulo a mwini wake, kapenanso seva yanu yatsekeredwa ndi maseva ena chifukwa cha khalidwe la anthu ena okhala momwemo, inu osalakwa koma anzanu a kwina sakukuonaninso. Pali pangano lina lotchedwa Mastodon Server Covenant lomwe mwa zina limati mwini seva achenjeze anthu patatsala miyezi itatu asanatseke. Si lamulo la boma, ndi lonjezo chabe, ndipo si maseva onse analilowa.

Kusamuka kwenikweniko, kalata ya transfer

Amene munasamukapo mpingo mumvetsa msanga. Tinene kuti mumapemphera ku Mulanje Mission nde mwapeza ntchito ku esiteti ya tiyi ku Thyolo. Simungangofika ku mpingo wa kumeneko nkunena kuti ndine mkhristu wathunthu mundilembe, amafuna kalata yochoka komwe munali. Ndipo akwanu aja polemba kalata amafuna adziwe komwe ikupita. Mbali zonse ziwiri zivomereze kuti munthu ndi yemweyo. Ku Mastodon ndi momwemonso, ndipo chifukwa chake ndi chomveka, popanda zimenezi wakuba atha kungonena kuti akaunti ya uje ndi yanga nkukokera anthu ake onse kwa iye.

Ndiye dongosolo lake, mumayamba mwatsegula akaunti yatsopano ku seva yomwe mwasankha, yakale ija osaikhudza kaye. Muli mu yatsopanoyo mumapita ku Preferences, kenako Account, pansi pali mawu oti Moving from a different account, pamenepo mumapanga chomwe amati alias, kutanthauza kulemba adiresi yanu yakale yonse kuti seva yatsopano idziwe kuti munthu uyu ndi yemwe uja. Mukatero mumabwerera ku akaunti yakale, malo omwewo a Account, koma ulendo uno Move to a different account, nkulemba adiresi yatsopano ndi pasiwedi ya akaunti yakaleyo. Mukadina batani, seva yakale imatumiza uthenga ku maseva onse komwe kuli okutsatirani, iwo nkuwasamutsa okha, anthuwo sachita kalikonse.

Mukasemphanitsa, kuyamba ndi yakale alias musanapange, imakana. Ife zinatikanira kawiri, koyamba chifukwa chomwechi, kachiwiri poti msuweni anasiya chilembo chimodzi pa dzina la seva. Komanso anthu safika onse nthawi imodzi ayi, amabwera pang'onopang'ono ngati anthu obwera ku msonkhano wa amfumu, ena ola lomwelo ena mawa lake, ndipo ena safika nkomwe ngati seva yawo inafa kalekale kapena inatsekera seva yanu yatsopanoyo. Mukasamuka mumadikira masiku 30 musanasamukenso, nde kusankha seva kusakhale kwa phuma. Akaunti yakale imatsala ngati nyumba yomwe pachitseko pamatidwa chikwangwani cholozera kwatsopano, simungalembenso kumeneko pokhapokha mutachotsa chikwangwanicho.

Chachikulu pa zonse, seva yakale ikhale ikadali yamoyo. Mpingo wakale ukatsekedwa kalata ailemba ndani? Seva ikazima musanasamuke, okutsatirani aja simungawakokenso, muyambira pa ziro.

Zomwe zimapita ndi zomwe zimatsala

Apa ndi pomwe anthu ambiri amakhumudwa. Chomwe chimasamuka chokha ndi okutsatirani basi. Anthu omwe inu mumawatsatira, omwe munawabuloka, omwe munawatseka pakamwa, ma bookmark (mapositi omwe munasunga) ndi ma list (timagulu ta anthu tomwe munapanga), izi mumanyamula nokha. Mu Preferences muli Import and export, mumadawuniloda timafayilo ta mindandanda totchedwa CSV, kamodzi ka mtundu uliwonse, nkukatikweza ku akaunti yatsopano. Ndi tating'ono kwambiri, sitidya bandulo. Pokweza imakufunsani ngati mukufuna Merge kapena Overwrite, koyambako ndi kuphatikiza ndi zomwe zilipo kale, kwachiwiriko ndi kufufuta zilipozo nkuikapo za mufayilo. Ndi bwino kutenga timafayiloti musanadine batani losamukira, ndipo olo musakuganiza zosamuka nkomwe muzititenga mwa apo ndi apo nkusunga mufoni, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chithunzi cha pa profile, dzina ndi mawu odzifotokoza mumakalembanso pamanja. Ndiye mapositi, zonse zomwe munalemba zaka zonsezo, sizisamuka. Mutha kupempha archive, fayilo imodzi yaikulu yokhala ndi zolemba ndi zithunzi zanu, amalola kamodzi pa masiku 7 alionse, koma ndi yongosunga, Mastodon ilibe batani loti muikweze ku seva yatsopano mapositi nkubwerera mmalo mwake. Fayilo iyi ndi yomwe imadya data ngati munali wokonda zithunzi ndi mavidiyo, bola kudikira pomwe pali wifi. Chifukwa chake sizisamuka nchoti positi iliyonse ili ndi adiresi yake yomangirira ku dzina la seva yakale, ndipo mayankho a anthu ena amaloza ku adiresi imeneyo. Zili ngati munthu wosamuka mudzi, mbuzi ndi ziwiya anyamula koma mitengo ya mapeyala yomwe anadzala itsala pomwepo.

Kuti aliyense athe, tikutanthauza chani

Pachingerezi amati accessibility, ife tingoti chinthu chipangidwe moti wosaona, wosamva, woona movutikira ngati abale athu ambiri achialubino, kapena wa manja onjenjemera, athe kuchigwiritsa ntchito yekha osadalira munthu. Pa nyumba timaziona, kanjira kotsetsereka ka wilitcheya pambali pa masitepe. Pa intaneti miyezo yake imatchedwa WCAG, inalembedwa ndi W3C yomwe ija, koyamba mu 1999 ndipo ya 2.2 inatuluka mu 2023. Imanena zinthu ngati zoti chithunzi chikhale ndi mawu ochifotokoza, batani lililonse likhale ndi dzina, zilembo zizioneka bwino pa mtundu wa kumbuyo kwake.

Wosaona amagwiritsa ntchito screen reader, pulogalamu yowerenga mokweza zomwe zili pa sikirini. Pa Android pali TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver yomwe inafika pa foni mu 2009, pa kompyuta ya Windows pali NVDA yaulere yomwe anaiyambitsa anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh, komanso JAWS yogula. Mukanamuona msuweni, foni waigwira chafufumimba pafupi ndi khutu, chala chikungosesa kumanja kumanja, mawu akuthamanga moti ine sindimagwirapo olo liwu limodzi koma iye akumva zonse, akafika pomwe akufuna amagogoda kawiri. Sikirini anaithima kuwala konse kuti batire ichedwe kutha, ine ndikati ndisuzumire ndimangoona mdima, iye nkumaseka, akuti lero wosaona ndi inuyo asuweni.

Chofunika kumvetsa nchoti wa maso amaona tsamba lonse kamodzi, diso nkulumphira pomwe pali batani. Wa screen reader amamva chinthu chimodzi chimodzi motsatana ngati munthu woyenda mu mzere wa tiyi, sangadumphe mizere pokhapokha ngati opanga tsambalo anaika mitu yoti azilumphirapo. Ndiye tsamba la Account lomwe ine ndimaliona ngati lalifupi, kwa iye ndi ulendo, ndipo za kusamuka zili cha kumunsi kwake.

Pomwe pamapunthwitsa

Zodabwitsa, kusamuka kwenikweni kuja, alias ndi Move, sikunamuvute kwambiri, ndi timabokosi tolembamo ndi mabatani okhala ndi mayina basi. Zomwe zinatidyera tsiku ndi tinthu tating'ono ta mmbali. Choyamba zambiri mwa izi zimachitikira mu browser, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti ngati Chrome, osati mu app yomwe anazolowera, nde chilichonse chinali pamalo achilendo. Chachiwiri seva yoyamba yomwe anasankha inali ndi captcha polembetsa, kamayeso kaja koti sankhani zithunzi zonse zomwe muli basi kapena njinga kuti tidziwe kuti ndinu munthu. Eni maseva amaika zimenezi pofuna kutchinga maakaunti abodza, chifukwa chake nchomveka ndithu, koma kwa wosaona ndi khoma. Ndinati ndimudinire, anakana, akuti seva yomwe yandikaniza pakhomo mkatimo ndikakhalamo bwanji, tinasaka ina. Yachiwiriyo inali yoti ulembe chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa chomwe ukufunira kulowa, mwini wake awerenge nkuvomereza. Tinadikira maola awiri, tinadya nsima ya nandolo, imelo nkubwera.

Kenako timafayilo ta CSV tija. Kudawuniloda kunali kosavuta koma kukatipeza mufoni pokweza, mayina ake ofananafanana akawerengedwa mothamanga, ndipo pali kabokosi kosankha mtundu wa fayilo komwe mukalakwitsa zimakhala zoopsa, tangoganizani kukweza mndandanda wa anzanu onse pamalo a anthu obulokedwa. Mastodon ya masiku ano imakuonetsani kaye tsamba lotsimikizira isanachite, msuweni analimvetsera kawiri konse. Nzeru yomwe tinapeza ndi yochita kafayilo kamodzi kamodzi, kudawuniloda, kukweza, kumaliza, kenako kena. Adiresi nayo bola kuikopa nkuimata kusiyana ndi kulemba, chifukwa chilembo chimodzi chikasowa khutu silimva kusiyana pamene liwu likuwerengedwa lonse, umachita kuuza foni kuti iwerenge chilembo chimodzi chimodzi.

Pali nkhani ya pasiwedi yomwe ine sindinaiganizepo. Posamuka imafunsa pasiwedi, ndipo wosaona akapita kwa mnyamata wa pa shopu ya mafoni kuti amuthandize ndiye kuti wapereka makiyi a nyumba. Msuweni pofika pamenepo anavala ma earphone nkundiuza kuti ndikaone ngati madzi a tiyi awira. Chisuweni chilipo koma pasiwedi ayi. Ichi ndi chifukwa chake anthu aulumali amalimbikira zoti azitha okha, si kunyada, ndi chinsinsi chawo.

Kusankha seva nakonso kuli ndi mbali yake. Ku Mastodon chithunzi chilichonse mutha kuchilembera mawu ochifotokoza, amati alt text, ndipo maseva ena amalimbikitsa anthu awo kutero pomwe ena salabadira. Wosaona akagwera seva yomwe anthu ake amangoponya zithunzi zopanda mawu, foni imangoti image, image, ngati munthu wakhala pa ukwati pomwe onse akuseka iye osauzidwa chaseketsa. Ma hashtag nawonso, mukalemba #PhiriLaMulanje liwu lililonse kuyamba ndi chilembo chachikulu foni imawalekanitsa, mukalemba zonse zazing'ono imangotafuna. Oona movutikira ali ndi theme ya High contrast mu Preferences, koma zomwe munatchera ku akaunti yakale sizibwera nanu, mukatcherenso. Osamva iwo captcha ya zithunzi siwavuta, chowavuta ndi mavidiyo opanda mawu olembedwa. Ndiye seva yabwino kwa wina itha kukhala yovuta kwa mnzake.

Nanga Bluesky ndi Threads

Mwachidule, awanso ndi malo ochezerana onga Twitter. Bluesky, yomwe inatsegukira aliyense mu Febuluwale 2024, imagwiritsa ntchito chilankhulo china chotchedwa AT Protocol, ndipo inapangidwa moti munthu posamuka anyamule ndi mapositi omwe, koma anthu ochuluka akadali pa maseva a kampani ya Bluesky yomweyo. Threads ya Meta inayamba mu Julayi 2023 ndipo mu 2024 inayamba kulumikizana pang'ono ndi fediverse. Kuchoka ku Mastodon kupita ku Bluesky si kusamuka kwa kalata kuja, ndi kutsegula akaunti ina basi. Pa Facebook mutha kudawuniloda zinthu zanu koma anzanu simungawanyamule kupita nawo kwina. Okonda Mastodon amati bola kuno uli ndi ufulu wochoka, okonda makampani akuluakulu amati bola kuno sudzuka mmawa nkumva kuti mwini seva watopa. Onse ali ndi mfundo.

Zomwe sizinayankhidwebe

Funso loyamba ndi la mapositi, kodi adzayamba kusamuka? Anthu akhala akupempha kwa zaka, koma eni maseva ena amaopa kuti munthu atha kubwera ndi zolemba zikwizikwi zomwe palibe waziona, zina zotukwana, komanso malo osungira amalipira ndi iwowo. Lachiwiri, seva ikazima mwadzidzidzi, mwini wake wadwala kapena ndalama zamuthera, anthu ake awathandiza ndani poti lonjezo la miyezi itatu lija palibe wolikakamiza? Lachitatu, udindo woti wosaona athe kulowa ndi wa ndani, olemba pulogalamu, mwini seva yemwe mwina ndi munthu mmodzi wongodzipereka, kapena ife olemba mapositi? Ndipo maakaunti abodza angatchingidwe bwanji popanda kutchingira limodzi anthu enieni?

Kwathu kuno kuli mafunso owonjezera. Tili ndi malamulo a 2024, la Persons with Disabilities Act ndi la Data Protection Act lomwe woyang'anira wake ndi MACRA, koma kodi dzanja lawo lingafike pa seva yomwe ili ku Germany kapena ku Finland, ya munthu yemwe Malawi sanaimvepo? Kodi pangapezeke Amalawi, kaya yunivesite kaya mabungwe monga Malawi Union of the Blind ndi FEDOMA ya anthu aulumali, oti nkuyendetsa seva yathuyathu, nanga ndalama za mwezi ndi mwezi zizichoka kuti? Ndiye pali la chilankhulo, mabatani onse ndatchula aja ali mchingerezi, ndipo foni ya msuweni imawerenga Chichewa ndi mawu a mzungu, "ndikubwera mawa" amatuluka mokhota moti ine ndimachita kufunsa kuti yati chani. Iye anazolowera, amamva. Koma agogo a ku Thuchila omwe maso ayamba kuchita chifunga ndi ng'ala, chingerezi sanaphunzire, mdzukulu wawagulira foni, iwowa tsiku lomwe seva yawo idzatseke adzayambira pati?